Mabuku Awiri a Felesiya

Nyundo ya Felesiya inali ikugunda kuyambira m'mawa, koma mulu wa miyala yoswaswa unali usanafike m'mawondo. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri. Iye ndi amayi anzake ankaswa miyala m'munsi mwa phiri, kudikira malole a omanga nyumba.

Mkati mwa bulauzi yake munali mabuku awiri a kuchipatala, okulungidwa m'kansalu. Kunyumba sankawasiya, chifukwa mlamu wake Doresi, mlongo wa mwamuna wake, ankapisa dzanja paliponse.

Buku loyamba linali lakale. Zaka zitatu m'mbuyomo Felesiya adasokonekera maganizo. Adatha sabata osagona, akuyimba pamsika ndi kugawira anthu odutsa ziwiya zake, mpaka abale adamumanga ndi zitenje n'kupita naye kuchipatala chachikulu. Adampatsa mapiritsi, mutu udakhazikika, ndipo miyezi itatu iliyonse ankakatenga ena. Kenako adakwatiwa kudera lina kumene mbiriyi sinkadziwika.

Buku lachiwiri linali la kusikelo. Tsiku loyamba namwino adamufunsa ngati pali mankhwala amene amamwa. Doresi, nayenso woyembekezera, anali pabenchi pomwepo, makutu ali tcheru. Felesiya adati ayi. Kuchipatala chachikulu adamufunsa ngati ali ndi pakati. Iye adakumbukira zitenje zija, naopa kuti amulanda mapiritsi. Adakoka juzi kuphimba mimba n'kunenanso kuti ayi. Uku ankabisa matenda, uko ankabisa mimba, ndipo ankadziona ngati wochenjera.

Masana a tsiku loswa miyala lija mvula idatulukira kuseri kwa phiri mosachenjeza. Paphiripo panali mapanga awiri, lina kumunsi, lina kumtunda. Felesiya adathamangira lakumunsi, koma ataona Doresi atakhala pakhomo pake adaima, poti bulauzi yonyowa ikadaonetsa mabuku. Adatembenukira lakumtunda. Ali pakati adaona kuti thanthwe likuterera, naopa kugwa ndi mimba. Adabwerera, adaimanso, adakweranso, mpaka adavumbwa ngati nkhuku.

Amene adatsika kudzamugwira dzanja anali Nangondo, mayi wachikulire woswa naye miyala, amene madzulo ankaphunzira kusukulu ya kwacha. Adakwera naye pang'onopang'ono mpaka kuphanga lakumtunda.

"Iwe, mapanga awiri onsewa, iwe n'kuvumbwa? Umasankha lokhala ndi mipando?"

"Tandisiyani, amayi."

"Vula icho, ungazizidwe ndi mwanayo."

Povula bulauzi kansalu kaja kadagwa. Nangondo adatola mabukuwo n'kuyamba kutambasula masamba kuti aume. Zolemba za madokotala zidamukanika, koma dzina adalitha, chala chili pachilembo.

"Fe-le-si-ya. Ilinso Fe-le-si-ya. Munthu mmodzi mabuku awiri? Uli ndi mimba ziwiri?"

Felesiya adafotokoza zonse, maso ali pansi.

"Ndiye akusikelo akudziwa za mapiritsi?"

"Ayi."

"Amapiritsiwo akudziwa za mimba?"

"Ayi."

"Nanga mwanayu akumusamala ndani? Mawa nyundo tizisiya."

M'mawa mwake dokotala wa kuchipatala chachikulu adayala mabuku awiriwo patebulo, ali makwinyamakwinya, n'kuwerenga kwa nthawi yaitali.

"Mayi, matenda anuwa si mlandu," adatero, "ndipo sitikadakusiyani opanda mankhwala. Mukadasiya nokha, zikadakhala zoopsanso. Koma mapiritsi awa ndi a mtundu umene sitifuna kuti mayi woyembekezera amwe, chifukwa nthawi zina amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Alipo ena amene tikadakusinthirani, tikadadziwa pachiyambi."

"Nanga panopa, adokotala?"

"Panopa tichita zimene tingathe. Zina tidzaona akabadwa."

Adabadwa mwana wamwamuna wonenepa bwino, namutcha Lonjezo. Chaka choyamba chidatha popanda chodandaulitsa. Chachiwiri, mwana wa Doresi ankatchula kale mbuzi, madzi ndi mayina a anthu a pakhomo, koma Lonjezo ankangoloza ndi chala. Adati "amama" ali ndi zaka zinayi. Sitandade 1 adakhalamo zaka zitatu. Dokotala sadalumbire kuti ndi mapiritsi aja. Adangoti mwina ndi amenewo, mwina ayi, ndipo palibe angadziwe tsopano.

Doresi adamvabe za matenda a mlamu wake. Adainena nkhaniyo pachitsime sabata imodzi, anthu adatopa nayo, iye adatopanso. Manyazi amene Felesiya ankawathawa miyezi isanu ndi iwiri adathera pomwepo.

Mawu a Nangondo ndiwo adatsala paphiripo. Amayi oswa miyala akaona mnzawo akudyera kuwiri, osakhazikika kumodzi, ankamuchenjeza nawo, mpaka adasanduka mwambi umene mumaudziwa: mapanga awiri avumbwitsa.

Tanthauzo lake silifuna mawu ambiri. Phanga limateteza munthu amene walowamo thupi lonse. Wolowetsa mutu uku ndi miyendo uko alibe pobisala, ngakhale mapanga atachuluka chotani. Felesiya anali ndi zipatala ziwiri, zonse zokhoza kumuthandiza, koma chilichonse adachipatsa theka la nkhani yake. Inu amene mukuphunzira kuwerenga, mukamapita kuchipatala tengani mabuku onse, ndipo mukafunsidwa yankhani zonse. Mapiritsi musasiye nokha, mimbanso musaibise.

Felesiya akuswabe miyala, ndi buku limodzi tsopano, ndipo mutu wake uli bwinobwino. Akaweruka amakhala pakhonde ndi Lonjezo, amene ali ndi zaka khumi, n'kumugwira dzanja kuti alembe dzina lake padothi. Mwanayo amafika pachilembo chachitatu, amaima, amayang'ana mayi ake, ndipo amayambiranso.