Opaleshoni ya pa Tchuthi

Pa sukulu ina ya mkaka panali lamulo limene silinalembedwe pakhoma: mwana akalira mpaka mphunzitsi wake kugwira njakata, ankapita naye kwa Anti Nyamule. Dzinali anamupatsa ndi ana omwewo, poti akangomuona akulowa pageti ankamuthamangira manja ali m'mwamba, uku akukuwa kuti, "Anti, nyamule!" Makolo anatolera pomwepo, aphunzitsi anzake nawonso, mpaka dzina lake lenileni linangotsala pa chiphaso.

Kalasi yake inali ya ana aang'ono kwambiri, a zaka ziwiri ndi zitatu, m'chipinda cha timipando tapulasitiki, katoni ya zidole zothyoka miyendo ndi mulu wa timatiresi pakona. Mayiyu sankanyengerera mwana ndi switi, sankamuopsezanso ndi jakisoni monga amachitira ena. Ankangomutola, kumukhazika m'chiuno, n'kumapitiriza ntchito ndi dzanja linalo: kugawa makapu, kupukuta mamina, kumanga zingwe za nsapato. Wolirayo ankalira mpaka kutopa, kenako n'kugona pa phewa. Ntchitoyi ankaikonda kuposa china chilichonse, ndipo panalibe amene ankaitha ngati iye.

Kunyumba kunalibe wolira. Anakhala m'banja zaka zambiri ndi mwamuna wake, wokonza magetsi, munthu wa mawu ochepa, koma mphatso sinabwere. Anthu ankamuuza kuti Mulungu anamumana mwana mmodzi n'kumupatsa kalasi yonse. Onenawo ankaona ngati akumutonthoza. Iye ankaseka ndi mano okha.

Matenda anabwera mwakachetechete. Akapita kumwezi magazi ankachuluka, masiku n'kumatalika, mpaka ankati akawerama kuti atole mwana, m'maso n'kuchita mdima. Mimba nayo inayamba kukula. Tsiku lina mayi wina amene anabwera kudzatenga mwana wake anamuyang'ana pamimba n'kumwetulira.

"Anti, koma maso angawa akuona bwino? Tiyambe kugula matewera?"

"Ayi ndithu, ndi mafuta awa. Abambo akunyumba akundidyetsa bwino."

Funso lija linamulasa mtima. Poweruka anakagula madiresi otakasuka, ndipo kuyambira pamenepo mimba inabisala.

Kuchipatala atamuunika anapeza zotupa zingapo m'chiberekero, chachikulu chake ngati lalanje. Adokotala anamulimbitsa mtima kuti si khansa. Anayamba ndi mankhwala, koma magazi sanamve mankhwalawo, ndipo pamapeto pake anamuuza mosazungulira kuti chiberekero chiyenera kuchotsedwa.

"Opaleshoni yake timachita kawirikawiri, musaope," anatero adokotala. "Chovuta ndi pambuyo pake. Mwezi ndi theka osanyamula chilichonse cholemera kuposa ketulo ya madzi. Mumagwira ntchito yanji, mayi?"

"Ndine mphunzitsi."

"Ndiye bola, choko sichilemera. Komabe mupume kaye."

Sananame. Anangonena theka, theka linalo n'kubwerera nalo kunyumba. Chimene anapempha n'chakuti tsiku la opaleshoni ligwe sukulu zitangotsekera.

Mwamuna wake anamva dongosololi ali pakhonde, akusenda waya ndi kampeni. Anaika kampeniko pansi.

"Kodi ahedi mwawauza?"

"Ndiwauze chiyani? Kuti ndikukachotsa chiberekero? Lero amve ahedi, mawa aphunzitsi, mkuja makolo onse pageti paja. Panopa amandinena kuti wosabereka, koma amanong'ona, poti za mawa sadziwa. Akamva izi azinena mokweza."

"Pakamwa pa anthu simungatsekepo. Koma mimbayo ndi yanu, si ya anthu."

"Tchuthi ndi milungu itatu. Ine thupi langa silichedwa kupola."

"Adokotala anati mwezi ndi theka. Ine masamu sindinapite nawo patali, koma pamenepa sizikukumana."

"Inu dziwani za magetsi. Izi ndi za azimayi."

Bamboyo anatola kampeni kake. Anali atakhala ndi mkaziyu nthawi yokwanira kudziwa pamene mawu akulowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Opaleshoni inayenda bwino. Anadzidzimuka ali pabedi, diripi ili kumkono, kukhosi kuli gwa, pamimba pakulemera ngati aikapo njerwa. M'mawa mwake anamwino anamudzutsa kuti ayende, ndipo anayenda chowerama, atagwira khoma, mpaka pa zenera n'kubwerera. Anaphunzira kukumbatira pilo pamimba akafuna kutsokomola, anaphunziranso kuti kuseka kumawawa kuposa kulira. Atatuluka, mwamuna wake anatenga ntchito zapakhomo ndi mtima wonse ndi luso lochepa: mpunga unkapsa pansi pamwamba pali pawisi, ndipo diresi loyera linatuluka m'beseni lili la buluu.

Masana ena, ali yekha m'nyumba, analira kwa nthawi yaitali. Chomuliritsa silinali bala. Zaka zonsezi mumtima mwake munali kachiyembekezo kakang'ono kamene sankakauza munthu, ndipo tsopano anadziwa kuti katha. Anamva chisoni, anamvanso manyazi, ngati kuti walakwira wina. Atapukuta misozi anatsimikiza kawiri kuti kusukulu sadzamva kanthu.

Bala lakunja linapola mokongola. Linangotsala kamzere kowongoka pansi pa mchombo, ndipo iye ankakayang'ana pagalasi m'mawa uliwonse n'kumadzigamulira yekha kuti wachira. Atapita kukaonetsa balalo kuchipatala, anamwino anamuchenjeza.

"Musanyengeke ndi khungu, mayi. Kunjaku kwatseka, koma m'katimu ulusi udakagwira ntchito. Tsache lomwe lino lisiyeni kaye."

"Ndamva, anesi."

Sukulu zitatsegulira, iye anali woyamba kufika.

Anzake anamuzungulira m'chipinda cha aphunzitsi. "Iii, Anti! Mimba ija mwaisiya kuti? Tiuzeni nafe, tikasiye zathuzi komweko."

"Ndangosiya shuga ndi buledi," anayankha. Onse anaseka, ndipo mmodzi analumbira kuti kuyambira mawa tiyi wake ndi wopanda shuga.

Aliyense amene anagwirapo ntchito pa sukulu ya mkaka amadziwa kuti sabata yotsegulira ndi ya misozi. Ana atsopano amalira chifukwa amayi awo awasiya, akale amalira chifukwa atsopano akulira. M'mawa umenewo Anti Nyamule anachenjera. Anakhala pansi, miyendo atatambasula, n'kumakokera olirawo m'mbali mwake, wina kumanja wina kumanzere. Ahedi, mayi wachikulire amenenso anali mwini sukuluyo, anasuzumira pakhomo n'kuima.

"Lero mwakhala pansi, Anti? Sindinakuoneni chonchi. Muli bwino?"

Khomo loti aululire linali limenelo, lotsegula kale, pafupi popanda wina womvetsera kupatula ana osadziwa n'kuyankhula komwe.

"Ndili bwinobwino, amayi. Ulesi wa tchuthi uwu, uchoka."

Dzuwa litakwera kunabwera mwana wina watsopano, wa zaka zitatu koma thupi ngati wa zisanu. Atazindikira kuti akumusiya, anagwira zitsulo za geti ndi manja onse n'kuyamba kukuwa mpaka oyenda mumsewu kucheuka. Mayi ake, atavala kale yunifolomu ya kuntchito, ankayang'ana wotchi misozi ili m'maso. Mphunzitsi wina anayesa kumukanganula, analephera. Ndiye anachita zimene aliyense pasukulupo ankachita.

"Anti Nyamule! Katundu wanu uyu wafika!"

Makolo amene anali pageti anatembenuka. Ena anali atamva mbiri yake ndipo ankafuna kudzionera okha. Kunena kuti sindingathe kukanabala funso, funso likanabala lina. Anti Nyamule anapita, anamasula tizala tija kamodzikamodzi, anawerama, n'kumunyamula. Mwanayo anaphiriphitha, bondo lake n'kumugunda pamimba. M'kati anamva ngati nsalu yakale ikung'ambika pamsoko. Anaima pang'ono, analuma mano, kenako anamukhazika m'chiuno n'kulowa naye m'kalasi makolo akumuyamikira kumbuyo.

Atanyamula mmodzi, ena onse anakweza manja. Tsiku limenelo ananyamula, mawa lake ananyamulanso. Kunyumba ankamwa mapilitsi opha ululu mobisa, ndipo timadontho ta magazi timene anayamba kuona anatiyesa totsalira ta opaleshoni. Mwamuna wake atafunsa chifukwa chake akuyenda ngati waponda minga, anati nsapato zikumuthina.

Sabata isanathe, nthawi yogoneka ana masana, anawerama kuti ayale timatiresi. Ululu unamudula pakati ngati mpeni. Anagwada, anayesa kudzuka, n'kugwa chammbali. Mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anabwera atamva ana akukuwa onse pamodzi, ndipo anamupeza atakomoka, diresi litanyowa magazi.

Ahedi anamutengera kuchipatala pa galimoto yawo, aphunzitsi awiri atamugwirizira kumbuyo. Mwamuna wake anafika chothamanga, ovololo ili m'thupi. Pakhonde la chipatala, anthu ali mbwee, anamwino anafunsa mokweza monga amafunsira pa ngozi.

"Mwamuna wake ndi uti? Bala lili pamimbali ndi la chiyani, ndipo ndi la liti?"

Mwamunayo anayankha kuti, "Anamuchotsa chiberekero. Mwezi sunathe."

Aphunzitsi aja anayang'anizana. Ahedi anangogwira pakamwa. Chinsinsi chimene anachisunga ndi magazi ake chinatuluka m'mawu anayi, pamaso pa anzake ndi alendo omwe.

Ulusi wam'kati unali utaduka, mnofu wa pamimba utatseguka. Anamulowetsanso ku opaleshoni, anamuika magazi, ndipo ulendo uno anakhalitsa m'chipatala chifukwa bala linachita mafinya. Adokotala atamva kuti choko chija chinali ndi miyendo ndipo chimaponda, sanaseke.

"Mukanandiuza, tikanakambirana. Mwezi ndi theka mukanabwerera kwa ana anuwo bwinobwino. Koma pamimba posokedwa kawiri chonchi sipakhalanso ngati kale. Kuyenda muyenda, ntchito zina mugwira. Zonyamula ana tsiku lonse muiwale, mukapanda kutero tidzakumananso pa tebulo lomwe lija."

Ahedi anabwera kudzamuona atayamba kukhala tsonga. Anaika jumbo ya zipatso pa kabati, anakhala pampando, ndipo sanataye nthawi ndi malonje aatali.

"Ndinakufunsani, Anti. Ndinaima pakhomo n'kukufunsani."

"Ndinachita manyazi, amayi."

"Manyazi ndi ine? Mukanangonena kuti dokotala wandiletsa kunyamula, basi. Sindikanafunsa kuti wachotsa chiyani. Ndikanakukhazikani mu ofesi teremu yonse, kalasi yanu ikukudikirani." Anasendeza mpando pafupi ndi bedi. "Ndipo pali china chimene chikundisowetsa tulo. Munagwa mukuyala matiresi. Mukanagwa mwana wa eni ali m'manja?"

Anti Nyamule anayang'ana diripi.

Nkhani yake inakhaladi m'kamwam'kamwa, monga ankaopera. Aphunzitsi anainong'ona pa tiyi, makolo anaikamba pageti, ndipo ena anati ankadziwa kale, monga anthu amanenera zinthu zikachitika. Mayi uja wa matewera anatumiza botolo la juwisi ndi mawu opepesa. Patangopita masiku ochepa, mphunzitsi wina anathawa ndi mwamuna wa mnzake, ndipo za chiberekero zinaiwalika. Mseche umene anauopa kuposa mpeni wa dokotala unatha bala lisanaume n'komwe.

Ulendo wachiwiriwu anachira pang'onopang'ono, momvera. Ankayenda kuchoka pakhonde kukafika pageti la nyumba yawo, kenako mpaka pa golosale, mwamuna wake atanyamula jumbo. Magazi anabwerera m'thupi, chizungulire chinatha, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri mwezi unkatha osaopa kukhala pampando woyera. Pa zimenezi opaleshoni inachita ntchito yake yonse.

Teremu yotsatira ahedi anasunga mawu awo, koma theka lokha ndi limene linali lotheka. Anamupatsa desiki mu ofesi, foni ndi makiyi a kabati ya mabuku. Kalasi ya ana aang'ono inali itapatsidwa kale kwa mphunzitsi wina, ndipo panalibe zoti ikumudikira. Tsiku loyamba ana aja anadutsa pakhomo pa ofesi pa mzere, aliyense atagwira malaya a mnzake, akupita kukasamba m'manja. Angapo anamuzindikira, anasiya mzere n'kuthamangira m'kati. Iye anagwira mpando mwamphamvu kuti asadzuke, anawasisita mitu ali chikhalire, mpaka mphunzitsi wawo anabwera kudzawatenga.

Mwezi ndi theka umene anachita manyazi kupempha unamulanda ntchito ya moyo wake wonse. Iye anapulumuka, koma pang'onong'ono, ndipo si onse amene amapezedwa msanga chonchi. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera ku una.