Beseni la pa Maliro a Apongozi

Panali mtsikana wina kwathu kuno. Dzina ndibisa, ngakhale ena mwa inu mwamudziwa kale. Ankaphunzira zaumoyo wa anthu ku koleji, maphunziro aja otchinjiriza mudzi wonse matenda asanalowe. Mutu wake unkagwira zedi. Mayi ake, amasiye, ankamutama mpaka kutitopetsa pa mjigo.

Mtsikanayu anali pa chitomero ndi mwana wa mkulu wina wa mpingo, wa nyumba ya malata ndi geti lachitsulo. Koma tamverani izi. Chimbudzi chawo chinagwa ndi mvula ya Januwale, ndipo china sanakumbe. Banja lonse, ndi masuti awo a Lamulungu aja, linkadzithandiza m'chimanga kuseri. Ankayesa sitikuona.

Tsiku lina mkuluyo anadzuka akutsegula m'mimba ndi kusanza. Dzuwa lisanalowe anali atatisiya. Abale anati ndi BP. Paja kolera amati ndi matenda a anthu auve, ndiye mkulu wa mpingo angafe nayo bwanji?

Mtsikana uja anali pa tchuthi. Anamanga chitenje n'kupita kukagwira ntchito pamaliro, monga mpongozi wamawa. Kuseri kwa nyumba anaona ndowa imene malemu anadwaliramo, madzi ake otuwa ngati otsukira mpunga. Anazindikira pomwepo. Izi anali atazilemba m'kope kangapo. M'chikwama mwake munali kabotolo ka kolorini, ndipo nambala ya alangizi a zaumoyo inali mu foni.

Anthu atabwera kuchokera kumanda, chakudya chinapsa. Mayi a mnyamata anaitana mtsikana uja.

"Mwana wanga, tenga beseni ili usambitse anthu m'manja. Uyambire adzukulu amene asambitsa thupi, kenako enawo."

Beseni limodzi, madzi omwewo, anthu onse. Umo ndi mmene timachitira.

"Amayi," anatero motsitsa mawu atagwada, "bwanji ndizithirira ndi kapu, aliyense payekha, ndi sopo?"

"Iii! Usanalowe n'komwe pakhomo pano wayamba kale kutiphunzitsa kusamba? Watipeza ndi litsiro eti? Apa pafa munthu wa BP, wamva?"

Amayi a pamoto anasiya kutakasa, maso onse pa iye. Mnyamata wake anayang'ana pansi.

Mtsikana anaganiza za ukwati wake. Chikwama anachisiya chotseka. Ananyamula beseni.

Anayambira adzukulu. Anapita kwa akuluakulu a mpingo, kenako kwa amayi, akugwada bwinobwino, anthu n'kumati mwana waulemu uyu. Kumapeto kwa mzere kunakhala mayi ake omubereka. Anasamba m'madzi omwewo akumwetulira, chifukwa mwana wawo anali kutamandidwa.

Pasanathe masiku atatu, kuchipatala anamanga tenti. Anagonamo anthu khumi ndi anayi a pamaliro paja. Khumi ndi mmodzi anatuluka ndi miyendo yawo. Atatu anatuluka atakulungidwa m'pulasitiki, osasambitsidwa, osalowa m'nyumba. Mmodzi mwa atatuwo anali mayi ake a mtsikana uja.

Ukwati nawo sunachitike. A kwa mnyamata anayamba kufalitsa kuti mtsikanayo ndiye anabwera ndi matenda kuchokera ku zipatala zake. Mnyamatayo anakwatira wina wa kwaya, amene mimba inali itayamba kale kuoneka, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Atabwerera ku koleji, pa mayeso omaliza panabwera funso lakuti: munthu akafa ndi kolera, maliro ake ayende bwanji? Akuti anayankha bwino kuposa onse.

Lero ali pa ntchito. Amafika pa maliro ndi ndowa ya kampopi, sopo ndi kolorini. Amamunena kuti ndi wamwano, iye satembenuka n'komwe. Koma sindinamuonepo akuseka.

Tsono inu ana athu amene mukuphunzira zaumoyo, mayeso a m'kalasi musawaope, amenewo mukhoza. Mayeso enieni adzakupezani mutagwada pamaso pa munthu amene mumamuopa, atakupatsani beseni. Adzakutchani wamwano, mwina ukwati udzatha. Zimenezo zimapola. Musananyamule, yang'anani kaye kumapeto kwa mzere muone amene wakhalako.