Bondo la Tsiku la Mlandu

Mumzinda wathu wa Cremona munali opeka nyimbo za opera, masewero oimba aja, awiri okha, Ermete ndi Fulgenzio, ndipo onse ankameta ndevu malo amodzi. M'mawa wina Fulgenzio adalowa kometako ali wefuwefu, napeza Ermete thovu lili mbuu m'masaya.

"Achimwene, andibera! Bwana Gaudenzio, mwini nyumba ya masewero uja, wanyengerera wokopera nyimbo wanga ndi vinyo, ndipo opera yanga akuiimba kumzinda wa Mantova, ine osanunkhako ndalama, ngakhale lira imodzi. Woweruza akuti ndibwere ndi katswiri mnzanga adzalumbire kuti nyimbozo ndi zanga."

"Uthokoze Mulungu, mphwanga," adatero Ermete ali chitsinzinire. "Ine ndimayesa nyimbo zakozo ngakhale mbala singazitole."

Kukhoti Ermete sadapite. Adati bondo likumuwawa. Mlandu udazizira, Fulgenzio adagulitsa piyano, kenako jekete, ndipo kometa sitidamuonenso.

Patapita zaka ziwiri, Ermete adamaliza opera imene adaivutikira zaka zisanu ndi ziwiri. Ankaitsekera m'bokosi ngati ndolo za mkazi wake, koma oimba amene ankawaphunzitsa anali ndi makutu, analinso ndi njala. Isanaimbidwe n'komwe kwathu, idamveka ku Mantova, pakhomo atalembapo dzina la munthu wina. Anthu adayamba kunong'ona kuti wakuba ndi Ermeteyo.

Ermete atakasuma, woweruza adanena zomwe zija: abwere ndi katswiri mnzake. Ermete adagula tchizi, nakwera masitepe opita kukachipinda ka Fulgenzio. Adamupeza akulemba, mapepala ali mbwee patebulo. Atasuzumira, adawazindikira.

"Mphwanga, nyimbo izi si zanga izi?"

"Ndi zanu ndithu, achimwene. Bwana Gaudenzio amandibweretsera zidutswa, ine n'kumalumikiza. Ndimo ndikudyera masiku ano. Gawo lachiwiri lija munatalikitsa, ndadulako."

"Chonde, tiye ukalumbire kukhoti Lachinayi. Dzina langa likutha."

Fulgenzio adalandira tchizi chija, nachinunkhiza, nachiika pawindo. Kenako adayamba kusisita mwendo.

"Lachinayi? Pepani achimwene. Tsiku limenelo bondo lidzakhala likundiwawa."

Ndidakumana naye Ermete akutsika masitepe, misozi ikulowa m'ndevu, ndipo ngakhale ndinali nawo kometa tsiku lija adamunyoza Fulgenzio, chisoni chidandigwira. Opera yake ikuimbidwabe mpaka lero, m'dzina la munthu wina. Paja akulu adati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.