Manja Atatu pa Kalulu wa Ndaziona

Kalekale, koma osati kale la makolo athu, padali sukulu ina ya pulayimale kuseri kwa phiri. Kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 3 kudali khola la akalulu oweta, ndipo ana ankasinthana kuwathyolera chisoso ndi kholowa.

Chaka china, nyengo ija mitengo ya m'phiri imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, akalulu aja adaswa. Ana sadamvenso za masamu, maso onse adali pawindo. Mphunzitsi wawo, Mayi Kachiwanda, ataona zimenezo adaika choko pansi.

"Popeza mitima yanu ili m'khola, tiyeni tipange akalulu athu," adatero. "Aliyense apange wake ndi chimene angapeze, kaya dongo, makatoni, thonje, makoko a chimanga, kaya khonje. Tsiku la makolo kudzabwera mlangizi wa sukulu za dera lino kudzaona ntchito za makalasi onse, ndipo wopambana adzapatsidwa ana a kalulu awiri amoyo. Koma lamulo ndi limodzi: wamkulu asagwirepo. Mwamva?"

"Tamva, madamu!"

M'kalasimo mudali mtsikana wosalankhulalankhula, dzina lake Ndaziona. Mayi ake adamwalira iye ali kumsana, choncho ankaleredwa ndi bambo ake, a Simango, kalipentala wodziwika m'dera lonse, pamodzi ndi azakhali ake, a Nasimango, amene adali telala pamsika.

Ndaziona adakakumba dongo kudambo, naumba thupi, naliumika pamthunzi. Adatola thonje lotsalira m'minda ya anthu, nalimata ndi phala la chinangwa. Makutu adadula pa katoni ya sopo, maso adaika nthanga za papaya. Kalulu wake adatuluka wamimba yaikulu, mwendo wina waufupi, thonje lothimbirira, khutu limodzi lili njo, linalo litagwa. Koma mwini wake ankati akamuyang'ana, nkumwetulira yekha. Adamuika pakhonde kuti phala liume.

Woyamba kumuona adali a Simango, mwana atapita kumjigo. Adamunyamula, namutembenuza, ndipo adapeza mng'alu kumsana. Mtima udawawawa. Mwana wa mmisiri, woti tebulo la ahedi adakhoma ndi iwo, akaonetse anthu chinthu chopendama chonchi? Komanso adaganiza za misozi ya mwanayo dongolo likadzaphwanyika panjira. Adatenga chipika cha mbawa, nasema thupi losalala, miyendo yofanana bwinobwino, nasamutsira thonje lija, makutu ndi maso pamtengopo. Dongo adakaponya kudzala.

Ndaziona atabwera adanyamula kalulu wake, ndipo nthawi yomweyo adadziwa kuti si yemwe uja.

"Ndangomulimbitsa pang'ono, mwananga," adatero bambo ake, maso ali pa macheka. "Usakauze anthu."

"Chabwino, ababa."

Wachiwiri adali a Nasimango. Mmawa wotsatira akusesa pakhonde adaona thonje lothimbirira lija, lodzaza zitsotso. Iwo ankadziwa zimene amayi ankanong'onezana kumjigo, zoti mwana wopanda mayi amaonekera patali. Adalumbira kuyambira tsiku la maliro kuti Ndaziona sadzalozedwa chala chifukwa cha litsiro, kaya la thupi, kaya la chinthu chimene wanyamula. Adamatula thonje lonse naliponya pamoto. M'thumba lawo la zigamba mudali kolala yaubweya woyera ya jekete la pakaunjika. Adaidula, naisokerera pa kalulu uja mosamala moti msoko sunkaoneka. Pogwira ntchitoyo adaona ndithu kuti thupilo ndi la mtengo, adazindikira dzanja la mchimwene wawo, koma sadafunse.

"Taona mmene wayerera," adatero mwana atabwera kusukulu. "Anzako akaone kuti kwanu kuli anthu."

Ndaziona adasisita ubweyawo kamodzi, nabweza dzanja.

"Zikomo, azakhali."

Wachitatu adali Mayi Kachiwanda. Ana atabweretsa akalulu awo n'kuwandandalika patebulo, iwo adatsala m'kalasi nthawi yopuma. Padali akalulu a dongo, a makoko, a mabotolo okulungidwa nsanza, ena ooneka ngati mbewa, ena ngati galu. Pakati pawo padali wa Ndaziona, woyera mbuu. Mphunzitsiyo adangomugwira n'kudziwa kuti mwana wa Sitandade 3 sangaseme mbawa chonchi. Adaganiza zomuitana Ndaziona, koma adaleka. Adali watsopano pasukulupo, ndipo aphunzitsi anzake ankati kalasi yake ndi ya phokoso lokhalokha. Adafuna kuti kamodzi kokha ana ake atchulidwe pa chinthu chabwino. Tsono chimene chinkaipitsa kaluluyo chidali makutu a katoni aja, makamaka logwalo, ndi maso a papaya ofota. Adazula zonsezo naziponya m'dengu la zinyalala. Adapinda waya, naukuta ndi nsalu, makutu onse awiri naima chilili. Maso adachotsa mabatani akuda pa juzi yawo yomwe.

Ana atalowa, Ndaziona adaima patebulopo nthawi yaitali.

"Khutu lija linagwa, ndakukonzera," adatero mphunzitsi motsitsa mawu. "Kakhale pansi."

"Inde, madamu."

Tsiku la makolo lidafika. Anthu adadzaza pansi pa mtengo wa mkuyu, a Simango atakhala kutsogolo pa benchi ya akomiti ya sukulu, a Nasimango pamphasa ya amayi atavala chitenje chatsopano. Mlangizi uja adayendera matebulo onse, manja ali kumbuyo. Adaima pang'ono pa kalulu wa makoko a chimanga wa mnyamata wina dzina lake Yosofati, nagwedeza mutu. Koma atafika pa woyera uja, adamunyamula m'mwamba.

"Uyu ndiye wapambana! Mwini wake abwere."

Nthungululu zidamveka. Ndaziona adayenda ngati wonyamula mtsuko wodzaza, maso ali pansi. Adamupatsa kabasiketi momwe mudali ana a kalulu awiri.

Mlangiziyo sadali ndi cholinga choipa. Adakondwa zenizeni. "Luso lotere silofunika kubisa," adatero. "Mpatseni zipangizo, aonetse anzake mmene anayambira. Mwana iwe, thupili unasema ndi chiyani?"

Ndaziona adangoyang'ana kalulu woyera uja.

"Nanga ubweyawu unasoka bwanji? Bweretsani singano."

Adamupatsa singano ndi kansalu. Adayesa, koma ulusi udakana kulowa. Mwana wina kumbuyo adaseka, ena natsatira. Nkhope ya mlangizi idasintha.

"Tandiuza zoona. Wapanga kalulu uyu ndani?"

Apa ndiye mvetserani bwino. Ndaziona adayang'ana bambo ake. A Simango adayamba kupukuta fumbi pa nsapato zawo. Adayang'ana azakhali ake. A Nasimango adakoka chitenje kuphimba pakamwa. Adayang'ana mphunzitsi wake. Mayi Kachiwanda adatembenukira kuphiri ngati wina wawaitana kumeneko. Mawu amodzi okha a munthu wamkulu akadamuchotsa mwanayo pamoto, koma onse atatu adauma pakamwa. Ndipo mwanayo, poti adaleredwa kuti wamkulu sayalutsidwa pagulu, adati chapansipansi:

"Sindikudziwa."

Adamulanda kabasiketi kaja napatsa Yosofati. Pobwerera kwawo ana adamutsatira ndi nyimbo yopeka pomwepo, yoti Ndaziona wakuba, waba kalulu musitolo. Iye sadathamange, sadalire. Adangolowa m'nyumba natseka chitseko.

Mawa lake adakana kupita kusukulu. Mkuja wake chimodzimodzi. Sabata idatha yunifolomu ili pachingwe. Ankagwira ntchito zonse zapakhomo, akaitanidwa ankayankha mwaulemu, koma sankayang'ana munthu kumaso. A Simango adasiya kudutsa njira ya kusukulu. A Nasimango ankasoka mizere yokhota n'kumasulanso. Mayi Kachiwanda akafika pa dzina la Ndaziona poitana mayina, ankaliitana maso ali pansi.

Potsiriza mphunzitsiyo adalephera kupirira, napita kwa a Simango Loweruka masana. Adakhala atatu pakhonde, iwo, a Simango ndi a Nasimango, napatsana moni.

"Bambo, ine ndabwera ndi manyazi," adayamba Mayi Kachiwanda. "Makutu aja ndi maso ndinaika ndine."

A Nasimango adagwira kukamwa. "Mayo ine! Ubweya uja ndinasoka ndine."

A Simango adapumira m'mwamba. "Thupi ndi langa. Ndiye kuti pa kalulu yense uja, cha mwanayu chinali chiyani?"

 Adaitana Ndaziona, ndipo adabwera nagwada chapatali.

"Mwananga, takulakwira," adatero bambo ake. "Timafuna kukuthandiza."

Kwa nthawi yoyamba mwanayo adakweza maso. "Kalulu wanga ali kuti, ababa?"

"Dongo lija ndinataya kudzala."

"Thonje langa?"

"Ndinatentha," adatero azakhali.

"Khutu lija silinagwe lokha, madamu. Ndinapinda dala. Kalulu wamkazi amene ndimamuthyolera chisoso ali ndi khutu logwa. Ndimapanga iyeyo."

Mayi Kachiwanda adaphimba nkhope ndi manja.

"Ndikusemera wina, tipange limodzi," adatero a Simango.

"Sindikufuna wina. Anzanga akuti ndine wakuba."

"Ndiye tichite chiyani kuti ubwerere kusukulu?"

Ndaziona adaganiza. "Munthu mmodzi andigwire dzanja Lolemba pa asembule, auze ana onse kuti sindinabe ndipo sindinaname. Anene kuti ndinapanga kalulu wanga, iye n'kundiwonongera."

"Tibwera tonse atatu," adatero azakhali.

"Ayi. Mukabwera nonse adzandiimba nyimbo ina, yoti kalulu mmodzi mudzi wonse. Abwere mmodzi, amene anandilakwira kwambiri." Atatero adadzuka nalowa m'nyumba.

Atatu aja adatsala akuyang'ana pansi.

A Simango adati, "Ndine ndinayamba. Ndikadasiya dongo lija, inu nonse simukadapeza pogwira. Ndinamuuzanso kuti asauze anthu, ndiye pamene ankafunsidwa n'kukhala chete, ankamvera ine." Koma polankhula choncho ankakumbukira kuti iwo ndi wapampando wa komiti, amene msonkhano uliwonse ankadzudzula makolo olembera ana ntchito ya kunyumba. Akaima pa asembule, adzayang'ana bwanji makolo anzawo? Ndipo mwana amene bambo ake asekedwa, nayenso sasekedwa kodi?

A Nasimango adati, "Ayi achimwene, inu munabisa ntchito yanu pansi pa thonje la mwana. Kunja kunali kukuonekabe kwake. Ine ndi amene ndinatentha zake, n'kuveka kaluluyo ubweya umene unakopa mlangizi. Ndinaona kuti thupi ndi lanu koma sindinakudzudzuleni. Ndipo ine ndiye mayi ake tsopano, misozi yake ndinayenera kuiona ndine." Koma mumtima ankamva kale mawu a amayi a kumjigo, oti taonani, mwana wa mwini akumuphunzitsa chinyengo. Ankaopanso kuti achibale a malemu, amene kuyambira kale ankafuna kumutenga Ndaziona, apezerapo chifukwa.

Mayi Kachiwanda adati, "Inu awiri munalakwa chifukwa cha chikondi. Ine lamulo ndinaika ndekha, ndinathyola ndekha. Ndinadziwa kuti si ntchito ya mwana, ndikadamubweza tsiku lomwelo zikadathera m'kalasi. Ndipo chomaliza chimene chinatsala chake, chimene anachipanga ndi mtima wonse, ndinazula ndine pofuna kutamandidwa." Koma nawonso ankadziwa kuti mphunzitsi watsopano akavomera pagulu kuti adanamiza mlangizi, akhoza kusamutsidwa kapena kuchotsedwa kumene. Ndipo ana ena onse a m'kalasi yake adzamukhulupiriranso akadzati bodza ndi loipa?

Motero pakamwa aliyense ankati ndine, koma miyendo idalemera onse atatu. Paja akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Apa makoswe adali atatu, mkhate umodzi, ndipo mkhatewo udali mwana.

Dzuwa lidapendeka asadagwirizane. Lamulungu adakumananso atatuluka m'tchalitchi, koma mawu adali omwe aja. Lolemba mmawa Ndaziona adasamba, navala yunifolomu yake, nakhala pakhonde manja ali pamiyendo. Belu loyamba lidamveka kuseri kwa phiri. A Simango adali chiimire pakhomo la shedi yawo yopaliramo matabwa. A Nasimango adagwira tsache osasesa. Kumsewu, Mayi Kachiwanda adali ataima pamphambano, kwina kopita kusukulu, kwina kobwera kwa a Simango.

Ine nkhani ndaisiyira pamenepo, mlanduwu ndi wanu. Wina adataya thupi n'kutseka mwana pakamwa. Wina adatentha thonje poopa malilime a anthu. Wina adathyola lamulo lake lomwe n'kuzula khutu limene mwana adalipinda dala. Ndipo pamene mwanayo adawayang'ana pansi pa mkuyu, onse atatu adayang'ana kumbali.

Tandiuzani inu amene mwamva: mwa atatuwa, ndani ayenera kugwira dzanja la Ndaziona n'kukaima pamaso pa sukulu yonse?