Khoswe, Mkamwini wa Nankhoma

Kalekale, amwali, inu ndi ine tisanabadwe, kunali mayi wina dzina lake Nankhoma. Ine za anthu sindinena, koma mayi ameneyo kudzimva!

Ankati palibe womuposa podziwa zipanda zozokota. Akafika pamowa sayamba wamwa ayi. Atenga chipanda, atembenuza uku, atembenuza uku. "Ichi ndi dzanja la kumapiri. Ichi wozokota wake anali ndi njala." Anthu n'kumangoti, "Zoona mayi," kuopa pakamwa pake.

Tsono Nankhoma anali ndi mwana wamkazi, Dziwenji, wofika pokwatiwa. Tsiku lina mayiyo analengeza pabwalo: "Amene azokote chipanda chondigwira mtima, ameneyo ndiye mkamwini wanga. Ndalumbira, pali mayi anga kumanda!"

Anyamata anazokota. Anazokota, anazokota, zala matuza okhaokha. Panali wina Kamtedza, amene ankakumana ndi Dziwenji kuseri kwa nthochi, koma musati mwamva kwa ine. Iyeyo anawotcha chitsulo n'kulemba nkhanga pachipanda, mawanga ake onse osasiyako limodzi.

Tsiku linafika. Zipanda ndandanda pamphasa. Dziwenji anatuluka ndi chipanda chakale chosungiramo mtedza, choonongeka, kuti akataye kudzala. Atangoona Kamtedza mutu unabalalika, n'kuchisiya pamphasa pomwepo.

Nankhoma anabwera. Anatenga cha Kamtedza. "Nkhanga? Ndani sadziwa nkhanga?" N'kuchikankhira uko.

Anatenga china, anakankha. Anatenga china, anakankha. Kenaka anatola chakale chija.

"Eee! Anthuni, taonani timizere tiwiritiwiri iti! Mpeni wa kuno sungachite zimenezi. Nanga kabowo aka? N'kolowera mphepo kuti mowa uzizizira. Ili ndi dzanja la munthu woyenda. Mwini wake aimirire, watenga mwana wanga!"

Palibe amene anaimirira.

Mpamene kunkhokwe kunamveka mawu: "Ndili pano, apongozi."

Khoswe, amwali! Akutsika, uku akupotokola ndevu.

Wina anafunsa, "Iwe, mpeni wako uli kuti?"

"Nawu," anatero Khoswe, n'kuonetsa mano awiri. "Ine ndimangofuna mtedza unali m'katimo. Koma poti ntchito yanga yakondedwa, mkazi sindingakane."

Anthu kuseka! Ena kugubuduka pansi, ena kugwira nthiti.

Mchimwene wake wa Nankhoma, mwini mbumba, anamunong'oneza: "Achemwali, ingonenani kuti diso linaphonya, mwana apulumuke."

Mukuganiza anavomera? Mayi uja anakweza mphuno. "Ine kuphonya chipanda? Ndinadziwa kale kuti ndi mano. Luso ndi luso basi. Akamwini, lowani m'nyumba."

Dziwenji anati, "Amayi, ngati mwawakonda, akukwatireni inuyo."

"Khala chete iwe! Pita ukawatungire madzi osamba amuna ako."

Dziwenji anatola chipanda cha nkhanga chija, ulendo wa kumtsinje. Kamtedza anatsokomola, n'kunena kuti akukaona misampha. Anthu awiri amenewo anaoloka mtsinje, ndipo madzi osamba aja sanafike.

Khoswe analowa chikamwini. Anakwera kudenga, n'kuitana abale ake onse kuti adzaone kumene wakwatira. Kukacha amafunsa ali kudengako, "Apongozi, mkazi wanga wabwera?"

"Ali kumadzi."

"Chabwino, ndidikira." N'kutsikira m'dengu la chimanga.

Mawa lake chimodzimodzi. "Wabwera?" "Ali kumadzi." "Ndidikira." Chimanga chinatha, mtedza unatha, zipanda zonse za Nankhoma anazizokota ulere mpaka kudontha. Kumuthamangitsa sakanatha, poti analumbira pagulu.

Mpaka lero Khoswe akudikira mkazi wake m'nyumba zathuzi. Ndipo mayi wa panyumbapo akalowa, iye amathawira kuseri kwa mtsuko. Musati ndi mantha ayi, ndi ulemu. Mkamwini wamwambo saonana maso ndi apongozi ake.

Ndiye inu amwali, mukalakwitsa muzingovomera msanga anthu aseke zithe. Mukaumirira, mudzadyetsa mkamwini wamchira moyo wanu wonse.

Yanga nthano ndi imeneyo, yathera pomwepa.