Galimoto ya Madenga Awiri

Anzanga inu, nkhani yabwino! Ndiyambira kumathero chifukwa mtima sukundilola kudikira. Msuweni wanga Sigele wakwatiwa ndithu, ngakhale analowa m'tchalitchi madzi akuchucha m'tsitsi. Malume anga a Chimwaza, aja sanasankhepo kanthu chibadwire, asankha! Ndipo ndadziwa kumene unachokera mwambi wina uja umativuta pamayeso. Aphunzitsi a Chichewa adzati mwambiwo ndi wakale kuposa galimoto zonse za padziko, ine sinditsutsa ayi, koma ife a pa Luchenza timati unabadwira pamsewu wopita ku Mulanje. Unabadwa motere.

A Chimwaza ali ndi sitolo ya misomali ndi utoto pa Luchenza. Ndi munthu wofatsa, woseka ndi aliyense, koma anali ndi nthenda imodzi: kusankha. Ku lesitilanti akawafunsa kuti nkhuku kapena ng'ombe, ankati, "Ikani pang'onopang'ono zonse." Mafoni ankayenda nawo awiri, thumba ili ina, thumba ilo ina. Pampira ankavina chigoli cha uku n'kuvinanso cha uko. Akazi awo, a Nachisale, ankakonda kunena kuti, "Mwayi wanga ndi woti tsiku limene munabwera kudzandifunsira, mng'ono wanga anali kuchigayo."

Sigele, mwana wawo mmodzi yekhayo, atapeza mwamuna, dzina lake Fatsani, bamboyo analengeza pamaso pa ankhoswe kuti, "Mwana wanga sapita ku tchalitchi m'galimoto ya magalasi akuda ngati tikubisa wodwala. Ndimunyamula ndekha, m'galimoto yotsegula pamwamba, anthu amuone kuyambira pa Luchenza mpaka pa Chitakale ku Mulanje."

Kunena zoona, galimoto yotereyi anaikhumbira kalekale, chidutsire ina pasitolo pawo tsitsi la woyendetsa likuuluka. Choncho anatenga a Nachisale ulendo wa ku Limbe, kumene mnyamata wina wolongolola, dzina lake Jafali, amagulitsa galimoto zogwirapo kale ntchito kunja.

M'mpanda mwa Jafali munali galimoto zitatu zazifupi, zogona pansi ngati abuluzi: yoyera, yabuluu ndi yofiira.

"Mtundu umodzi, chaka chimodzi, madala," anatero Jafali, "koma si zofanana. Wogula woyamba kunjako ndiye amauza fakitale zoti iikemo. Inu apa mukugula zofuna za munthu wina. Ndiye yang'anani bwino kuti munthu wake ndi uti amene mukufanana naye."

A Chimwaza anayamba ndi yoyera. Inali ya otomatiki, yosintha magiya yokha. Atakhala pansi anaona kabatani kojambulidwa mpando ndi timizere tokhotakhota, ndipo pokhala munthu wachidwi anakadina. Anacheza pang'ono, kenaka anayamba kusuntha, kusunthanso, mpaka anadzambatuka atagwira kumbuyo kwa buluku.

"Iwe, muli moto umu!"

"Mipando yotenthetsa imeneyo, madala. Kumene yachokera kumazizira mpaka madzi kuuma gwaa."

"Ndiye ine ndiitani pa Luchenza?"

"Igulani," anatero a Nachisale. "Nkhuku yanga ija yakana kufungatira."

Yabuluu inali ya mipando yachikopa, ndipo denga lake linali lodabwitsa. Jafali atadina batani, dengalo linadzuka lokha, linadzipinda pakati, n'kulowa kumbuyo mwakachetechete ngati chiwala chikubisa mapiko. A Chimwaza anapempha kuti abwereze. Anapemphanso. Anagwada n'kusuzumira kuti aone chimene chikukoka.

"Nanga kamota kake kakafa?"

"Timaitanitsa kunja. Mumadikira."

"Denga lili chotsegula?"

"Kapena chotseka. Zimatengera pamene kakuferani."

A Nachisale anaika dzanja pachikopa chimene chinali padzuwa, n'kulichotsa msanga. "Apa ndiye mkwatibwi adzafika atapsa."

Yofiira inalibe zamatsenga. Magiya osintha ndi dzanja, mipando yansalu, denga lansalu lokoka ndi manja lomwe likapindidwa limabisala m'chivundikiro kuseri kwa mipando. A Chimwaza anazungulira zitatu zonsezo masana onse. Akakhala mu iyi maso ali pa iyo. Mpaka anafunsa ngati n'kotheka kuzula batani la yabuluu ndi otomatiki ya yoyera n'kuziika mu yofiira.

"Zimenezo zimaikidwa galimoto ikubadwa, madala. Dzuwa likupita, sankhani."

Mawu oti "sankhani" anawatulutsa thukuta. Jafali ataona kuti malonda akuthawa, anakumbukira kanthu. Analowa m'shedi ndi mnzake, natuluka atanyamula chinthu chofiira chonga chigoba cha kamba.

"Ndinaiwala. Mwini wake wa yofiirayi anaitanitsanso denga lolimba. Mumaliika pamwamba nthawi ya mvula, lansalu lili chipindire m'malo mwake. Mukafuna mphepo, anthu awiri amalinyamula n'kuliika pambali."

Nkhope ya a Chimwaza inawala. "Madenga awiri? Galimoto imodzi?"

"Awiri, madala."

"Mayi a Sigele, mwamva? Mapanga awiri! Mvula ikandipeza, ili likakanika ndithawira ku ilo. Apa palibenso chosankha."

"Madenga awiri, mipando iwiri," anatero mayiwo. "Akanachotsa denga limodzi n'kuikapo mpando wanga."

Anagula yofiirayo, ndipo potsanzikana Jafali anawachenjeza kuti nsalu ija inali itang'ambika pakona, pafupi ndi zenera lakumbuyo, ndipo ifunika kusoketsa. A Chimwaza anangogwedeza dzanja. "Palibe changu. Lolimba lilipo."

Sabata ya ukwati inafika, nyumba inadzaza alendo. Tsiku lina bamboyo atapita ku Thyolo kukatenga mbuzi, a Nachisale anakumbukira kung'ambika kuja, ndipo anaitana a Namwera, osoka mipando ya maminibasi. A Namwera ndi mnyamata wawo anatsitsa denga lolimba, anamasula nsalu yonse pazitsulo zake, anapinda zitsulozo n'kutseka chivundikiro, kenaka anabwezera lolimba lija pamwamba.

"Iyi ikufunika makina a ku Limbe, mayi. Ndibwera nayo ukwati ukatha."

"Palibe vuto," anatero a Nachisale. "Lolimba lilipo."

Ankafuna kuwauza amuna awo, koma madzulo ake kunabwera anamkungwi, m'mawa mwake kunasowa mapoto, nkhani ya nsalu inamira m'phokoso.

Loweruka a Nachisale analawirira ku Mulanje ndi amayi ophika. Kumwamba kunali mbee. A Chimwaza anavala suti yawo yotuwa, anaitana anyamata awiri, natsitsa denga lolimba n'kuligoneka pamphasa pakhonde. Mmodzi wa anyamatawo analoza kuphiri, kumene kamtambo kakuda kanali katakhala pansonga.

"Kamtambo ako?" anaseka bamboyo, akusisita chivundikiro osachitsegula. "Phanga lachiwiri lili umu."

Galimoto zina zonse anazitsogoza, chifukwa ankafuna kuti mkwatibwi afike yekha pomaliza. Sigele anatuluka atavala diresi loyera, velo ikukokeka pambuyo, ndipo anadzipinda bwinobwino n'kulowa m'kampando kake.

"Adadi, tisachedwe," anatero. "Lero maukwati ndi ambiri, ndipo abusa aja sadikira munthu. Wochedwa amamuuza kuti abwere Loweruka linalo. Abale a Fatsani achokera ku Nsanje, sangabwerenso kawiri."

"Ukayika chiyani, mwana wanga? Galimoto iyi ndi mphepo."

Eee, koma ulendo wake! Amayi a pamsika anasiya tomato n'kuyamba nthungululu. Anyamata a kabaza ankaimba mabelu akuthamangitsa pambuyo. Ana ankakuwa kuti, "Galimoto yavula chipewa!" A Chimwaza ankaimba hutala, dzanja lina akubayibitsa ngakhale mbuzi.

Atalowa pakati pa minda ya tiyi, mphepo inasintha. Kamtambo kaja kanali katatsika phiri n'kuitana anzake. Dontho loyamba linagwa pagalasi, lachiwiri pamphuno ya mkwatibwi.

"Adadi!"

"Usatekeseke. Ona zimene bambo ako anagula."

Anaimika pambali, anatsika monyadira, anatsegula chivundikiro n'kukoka. Chimene chinadzuka ndi zitsulo zokhazokha, zopindika ngati nthiti za ng'ombe pabutchala. Nsalu panalibe. A Chimwaza anayang'ana kumwamba kudzera pakati pa nthitizo, mvula n'kuwagwera m'maso. Anazitsitsa, anazikokanso, kuganiza kuti mwina nsalu ituluka ulendo wachiwiri.

Anatulutsa foni yoyamba, inalibe mayunitsi. Yachiwiri inalowa.

"Mayi a Sigele, nsalu ya galimoto ili kuti?"

"Ili ku Limbe, ikusokedwa. Bwanji? Si muli ndi lolimba?"

"Lolimba lili pakhonde."

A Chimwaza anadula foni. Kenaka mvula inatsika yeniyeni, ija ya ku Mulanje yosaona nkhope.

A Chimwaza analumphira m'galimoto n'kuitembenuza kuloza ku Luchenza. Denga lili pakhonde, anaganiza, tikangolitenga basi. Atayenda pang'ono anakumbukira abusa, napondanso buleki. Anatembenuka kuloza ku Mulanje. Koma atayang'ana diresi la mwana wawo likumata pathupi, mtima unawawa, anatembenukanso. Msewu unali wopapatiza, kutembenuka kulikonse kunali kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, madzi akudzaza kumapazi. Amayi othyola tiyi amene anabisala m'kashedi m'mbali mwa msewu ankangotsatira ndi mitu, uku, uko, uku.

"Abambo!" anakuwa mmodzi. "Mwataya chiyani? Tikuthandizeni kufuna!"

Pamene bamboyo ankagwira giya kuti abwererenso, Sigele anaika dzanja lake pamwamba pa dzanja lawo. Zodzoladzola zinali zitatsika m'masaya, velo italemera ngati ukonde.

"Adadi, ndanyowa kale. Kumbuyo kuli denga, kutsogolo kuli mwamuna wanga. Zonse ziwiri simungandipatse lero. Sankhani chimodzi."

A Chimwaza anayang'ana msewu wa kumanzere, anayang'ana wa kumanja. Pakamwa pawo panayamba kupanga mawu aja a masiku onse, oti pang'onopang'ono zonse, koma sanatuluke. Anapukuta madzi kumaso ndi tayi.

"Gwira velo," anatero.

Analozetsa galimoto ku Mulanje n'kuponda moto. Ndipo apa ndi pamene anaona chodabwitsa. Galimoto itathamanga, mvula yambiri inayamba kuwadumpha: inkamenya galasi lakutsogolo n'kuuluka pamwamba pa mitu yawo. Madzi onse amene anawanyowetsa anawapeza ataima ndi potembenuka paja. Sigele atazindikira anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola, bambo ake nawonso anayamba.

Anafika pa tchalitchi abusa ataima pakhomo, akuuza ankhoswe kuti aitane ukwati wotsatira. Mkwati, Fatsani, anali atatuluka panja osalabadira mvula, maso ali kumsewu. Amayi anathamanga n'kuzinga mkwatibwi ndi zitenje ngati mpanda. M'katimo munamveka kufinya, kupukuta, kulangizana, ndipo mpandawo utatseguka Sigele anatuluka atavala chitenje cha yunifolomu ya ukwati wake womwe, china m'chiuno, china paphewa, duku kumutu. Abusa anamuyang'ana, anayang'ana galimoto imene inaima ndi nthiti zake m'mwamba, nati, "Amene wabwera chonchi sabwezedwa. Lowani."

A Nachisale anakumana ndi amuna awo pamasitepe, nsapato za bamboyo zikulira tchwa tchwa tchwa.

"Bambo a Sigele, mapanga anu awiri aja ali kuti?"

"Lina lili ku Limbe, lina lili pakhonde."

"Nanga inu muli kuti?"

Bamboyo anafinya tayi. "Pakati. Mapanga awiri andivumbwitsa, mayi."

Nkhoswe wina anamva, ndipo ku holo, nthawi ya malangizo, anawabwereza mawuwo pa maikolofoni akuloza mkwati. Anthu anagwa nacho chiseko, a ku Nsanje anawatenga popita kwawo, ndipo kuyambira pamenepo timati: mapanga awiri avumbwitsa.

Tanthauzo lake ndi ili, anzanga. Kuvumbwa ndi kunyowa ndi mvula, ndipo phanga ndi pobisalira. Munthu wa phanga limodzi amalidziwa bwino, amalisamala, ndipo mitambo ikada amathamangira komweko osayang'ana kumbuyo. Koma wa mapanga awiri amanyalanyaza ili podalira ilo, n'kunyalanyaza ilo podalira ili, ndipo mvula imamupeza ali panjira akudzifunsa kolowera. Mwambiwu amauza munthu amene akufuna kugwira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kaya ntchito, kaya zibwenzi, kaya maphunziro: sankha chimodzi, uchigwire ndi manja onse.

Malume asankha lansalu, chifukwa limayenda ndi galimoto kulikonse. Lolimba alibweza kwa Jafali kuti alipezere mwini wina. A Namwera abweretsa nsalu ija lero, yosokedwa bwino, ndipo ndinaona ndi maso angawa ikukwezedwa: amakoka kamodzi, n'kutseka tizitsulo tiwiri pamwamba pa galasi, kwatha! Malume ati aliyense wa m'kalasi mwathu amuzungulitsa bwalo la mpira, mmodzimmodzi poti mpando ndi umodzi. Ndiye mawa tikaweruka musathamangire kwanu. Bwerani kusitolo mudzaone nokha, ndipo amene mwaluka tsitsi latsopano mutenge duku!