Misomali Yopanda Zikwama

Nyumba ya bungwe losamalira odwala m'makomo inali yosanja, ndipo mkulu wa bungwelo ankagwira ntchito m'chipinda cham'mwamba. N'chifukwa chake anthu odzipereka anawapatsa dzina loti Mayi Pamwamba. Pakamwa mayiwa anali napo, tisaname. Akaima pagulu n'kumafotokoza za odwala ogona okha, opanda wowatembenuza kapena wowapatsa madzi, ngakhale munthu wouma mtima ankakweza dzanja kuti amulembe dzina. Kukopa anthu ankakudziwa. Koma akawakopa, ankawaiwala ngati ambulera mvula ikakata.

Pansi, pakhoma loyang'anana ndi masitepe, panali misomali khumi ndi iwiri. Pamsomali uliwonse pankakhala chikwama cha sopo, thaulo, magolovesi ndi mafuta opaka odwala. Wodzipereka aliyense ankafika seveni koloko, kusayina m'buku, kutenga chikwama chake, n'kudzachibweza dzuwa likulowa. Mayi Pamwamba ankafika naini n'kuweruka folo. Choncho zimene ankaona tsiku ndi tsiku zinali misomali yopanda kanthu ndi buku lodzaza mayina, ndipo ankakwera masitepe mtima uli m'malo.

Wamkulu mwa odziperekawo anali Mayi Sopo, amene anachapa zovala za m'chipatala mpaka kupuma pantchito, ndipo fungo la sopo silinawachokenso m'manja. Mayiwa anakwera masitepe aja katatu, atagwira mawondo. Ulendo woyamba anakanena kuti wodzipereka mnzawo, mkazi wa telala, anapeza wodwala wake atamwalira, anamutseka maso yekha, ndipo kuchokera tsikulo tulo sakutiona. Mayi Pamwamba, maso ali pafoni, anayankha kuti munthu wodzipereka sanyengereredwa ngati khanda. Ulendo wachiwiri anakanena kuti wodzipereka winanso, aphunzitsi opuma pantchito, akudandaula kuti chaka chatha osamvapo ngakhale zikomo. Anauzidwa kuti zikomo adzamumva kumwamba.

Ulendo wachitatu anapempha chinthu chimodzi chokha. "Mayi, tsiku limodzi mudzafike seveni koloko, mudzangowaona nkhope anzangawa."

"Amayi, ine ndili kalikiliki kusaka anthu atsopano," anatero Mayi Pamwamba. "Mukawauze kuti tsiku limene mayina adzachepe m'bukumo, kapena chikwama n'kutsala pamsomali, otithandiza ndi ndalama aja adzatitsekera bungweli. Ndiye odwala anuwo mudzawasambitsa ndi malovu?"

Mayi Sopo anangoti, "Ndamva." Anatsika, ndipo sanakwerenso.

Kuyambira pamenepo madandaulo anatha, ndipo Mayi Pamwamba ankadzitama kuti awadula pakamwa. Koma nyumba ija inayamba kukhala zii mwa mtundu wina. Makapu a m'chipinda chopumira anakhala chozondoka mpaka kutuwa ndi fumbi. Mabenchi sankasunthanso pamene anawasiya dzulo. Akamakwera masitepe, ankamva nsapato zawo zikuwayankha kumbuyo, moti nthawi zina ankacheuka. Munthu panalibe, koma fungo la sopo linkakhala lili phaa pakhomo, ngati wina wangotuluka kumene. Tsiku lina mlongo wa wodwala wina anawaimitsa pamsewu n'kuwathokoza chifukwa cha munthu wawo uja, ngakhale kuti waonda ndipo masiku ano akuyenda ngati chithunzithunzi. Atamufunsa kuti akunena uti, mayiyo anadabwa n'kufunsa ngati aliponso wina. Mayi Pamwamba anaseka, n'kupitiriza ulendo.

Lolemba lina anapeza tsamba la m'buku lili mbee, lopanda dzina ndi limodzi lomwe. Mkwiyo unawakwera, ndipo anayamba kutembenuza masamba chobwerera kuti aone amene anayambitsa mwano umenewu. Loweruka mayina analipo onse khumi ndi awiri, Lachisanu chimodzimodzi. Koma lero, poyang'anitsitsa koyamba, anaona kuti mayina onsewo analembedwa ndi dzanja limodzi lonjenjemera, lodinikiza cholembera mpaka kuboola pepala. Anabwerera mwezi umodzi, iwiri, itatu, dzanja lili lomwelo. 

Pamenepo anamva kafungo ka chinyontho kochokera m'kabati ya pansi pa masitepe. Atatsegula, mphemvu zinabalalika. Munali zikwama khumi ndi chimodzi, zosanjidwa bwinobwino, mathaulo atachita nkhungu m'mapindo mwake.

Anayamba kuimbira mafoni anthu odzipereka aja. Mkazi wa telala anati iye anasiya miyezi inayi yapitayo, ndipo palibe anamufunsapo chifukwa. Aphunzitsi aja anangofunsa kuti, "Kodi mwadziwa lero?" n'kudula. Ena onse ananena zofanana: anatopa, anachoka mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankasiya chikwama chake m'manja mwa Mayi Sopo. Apa m'pamene anazindikira kuti mayi wokalambayo, poopa kuti bungwe litsekedwa, ankabisa zikwama, kusayinira anzake, n'kumazungulira yekha makomo onse. Anaimba foni ya Mayi Sopo. Inkangoitana, osayankhidwa.

Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, Mayi Pamwamba anatenga pepala la makomo a odwala n'kuyamba kuyenda okha. Khomo lililonse ankamva nkhani imodzimodzi. Ena anati mayi uja anabwera Lachinayi, ena anati Loweruka m'mawa, ndipo onse ankafunsa ngati wadwala. Odwala amenewa anali ndi abale, ndiye ludzu silikanawapha. Koma pansi penipeni pa pepalalo panali bambo wina amene kale ankakonza mawailesi, wakufa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika, wopanda mkazi, wopanda mwana. Ameneyo, munthu akapanda kubwera, samwa. Mayi Pamwamba anawerenga masiku pa zala, n'kuyamba kuthamanga.

Nyumba yake inali kumathero a msewu, kuseri kwa mpanda wakugwa. Dzuwa linali paliwombo, ndipo panja panalibe ngakhale galu. Anaodira kawiri, osayankhidwa. Anaimbanso foni ija, ndipo anaimva ikulira m'kati mwa nyumbamo. Anakankha chitseko.

M'chipindamo munali mdima wa makatani otseka, ndi ntchentche. Pashelefu panali mawailesi akale ondandalikana, onse ali chete. Mayi Sopo anali atakhala pampando pambali pa bedi, mutu atautsamiritsa kukhoma, thaulo lili pamiyendo, beseni la madzi lili kumapazi, chikwama chakhumi ndi chiwiri chili chotsegula pansi. Munthu akanati akusinza. Mayi Pamwamba anawagwira dzanja, n'kulisiya msanga. Linali lozizira ndi louma gwaa.

Pabedipo maso awiri ankawayang'ana. Bambo uja anali moyo, milomo itang'ambika, lilime litauma. Patebulo, pafupi ndi mutu wake, panali kapu yodzaza madzi, imene anakhala akuiyang'ana masiku awiri osatha kuifikira. Mayi Pamwamba anagwada, anamudzutsa mutu, n'kuyamba kumumwetsa. Sankadziwa kagwiridwe kake, ndipo madzi ambiri ankatayikira m'khosi. Manyazi ndi mantha zinawagwira pamodzi, moti analira ngati mwana.

Mawu atabwerera, bamboyo analankhula monong'ona. "Anati angopumako pang'ono, miyendo yawawa. Linali Loweruka limenelo. Ndakhala ndikuwachezetsa, kuti asasungulumwe."

Anapuma kaye, n'kutembenuzira maso kwa mlendoyo, amene sanamuonepo chiyambire.

"Inu ndinu atsopano? Nanga mawa abwera ndani?"

Mayi Pamwamba, amene pakamwa pawo pankadzutsa holo yathunthu, anangokhala chogwada pakati pa wamoyo ndi wakufa, kapu ili m'manja. Akuluakulu sananame: chitsime chimadziwika kuti n'chakuya chikaphwa.